Kusaka zinthu zakale pa maselo a m'nyumba ku America: mafunso ndi mayankho

Kuyambira mwezi wa April mpaka October, m'matauni ambiri a ku United States, Lachisanu madzulo mumayamba kuona timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi, tili ndi muvi woloza mumsewu wina. Kumene muviwo ukuloza kuli nyumba imene mawa lake ikugulitsa katundu. Ambiri a ife Amalawi okhala kuno tinayamba kupitako chifukwa chosowa mipando ndi mapoto titangofika kumene, kenaka n'kuzindikira kuti pamzere womwewo pali anthu amene sakufuna poto wophikira ayi, akusaka zinthu zakale zoti asunge kapena akagulitse. Mafunso otsatirawa ndi amene munthu wofuna kuyamba amafunsa kawirikawiri.

Kodi estate sale, tag sale ndi yard sale n'chimodzimodzi?

Si chimodzimodzi, ndipo kusiyana kwake n'kumene kumakuuzani ngati kulawirira kwanu kupindule kapena ayi. Yard sale, ena amati garage sale, ndi banja limene latulutsa pabwalo zinthu zomwe latopa nazo: zovala zowathina ana, zidole, njinga yophwa matayala. Eni ake amakhala pomwepo pamipando, kabokosi ka chenji kali pamwendo. Ku Connecticut, kumadzulo kwa Massachusetts ndi madera ena a New York, selo yomweyi amaitcha tag sale. Ku Britain anthu amakonda kusonkhana pabwalo limodzi Lamulungu m'mawa, aliyense n'kumagulitsira kumbuyo kwa galimoto yake, ndiye car boot sale imeneyo.

Estate sale ndi nkhani ina, chifukwa chikugulitsidwa ndi nyumba yonse ya mkati. Mumalowa mpaka kuchipinda chogona, kutsegula madirowa a kukhitchini, kutsikira kuchipinda chapansi. Chilichonse chili ndi mtengo, kuyambira piyano mpaka botolo la sopo lotsala theka. Kawirikawiri mwini nyumba amakhala atamwalira kapena atasamukira kunyumba yosungirako okalamba, nthawi zina banja latha kapena ngongole zakula. Ntchitoyo imayendetsedwa ndi kampani imene imadula gawo lake pa ndalama zonse, nthawi zambiri pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Wosaka zakale amathamangira kumeneku, chifukwa katundu wa zaka 50 amatuluka tsiku limodzi.

Kodi si malodza kugula katundu wa munthu womwalira?

Funso ili Mmalawi aliyense amalifunsa, ngakhale amene amalifunsa akuseka. Kwathu katundu wa malemu sagulitsidwa kwa odutsa m'njira. Anthu amadikira zamaliro zithe, akuluakulu a banja akhale pansi, agawe: jekete kwa uje, khasu kwa uje, makina osokera kwa mwana wamkazi. Ndiye kuona anthu osawadziwa akupisa manja m'kabati ya gogo wa eni ake, wina akuyesa nsapato zake pakhonde, ulendo woyamba thupi limachita tsembwe.

Koma taonani mmene zilili kuno. Ana a malemu amakhala kutali, wina ku Texas wina ku Oregon, aliyense nyumba yake ndi yodzaza kale. Asanaitane kampani amakhala atasankha zimene akufuna kusunga. Nyumbayo iyenera kugulitsidwa ili yopanda kanthu, ndipo chimene sichinagulidwe pofika Lamulungu madzulo chimapita ku mabungwe achifundo kapena kudzala. Palibe amene akulandidwa chuma cha masiye pamenepa. Ndalama zimene mwalipira, kampani ikadula zake, zimapita kwa olowa chumawo. Komanso zovala zambiri zoperekedwa ku mabungwe aja zimathera m'mabelo opita ku Africa. Amene anagulapo jekete pa msika wa Limbe kapena ku Tsoka ku Lilongwe mwina anavala kale za malemu wa ku Ohio osadziwa.

Chimene ine ndimaumirira ndi ulemu. Nthawi zina mwana wa malemu amakhala pomwepo, atakhala pakona, osadzitchula. Musamaseke makatani a eni ake mokweza mawu, musamanene kuti agogo amenewa ankasunga zinyalala. Mukagula tebulo kapena kabati n'kupeza m'dirowa muli makalata, zithunzi za banja, mapepala a kubanki kapena a kuchipatala, kaperekeni kwa oyendetsa selo. Zimenezo sizinali pamtengo umene munagwirizana.

Ndingadziwe bwanji kumene kuli selo, nanga ndisankhe iti?

Makampani ambiri amalengeza pa EstateSales.net, ndipo mabanja amakonda Craigslist ndi Facebook Marketplace. Zithunzi zimaikidwa kutatsala masiku angapo, koma adiresi yeniyeni ya nyumba nthawi zambiri amaiulula kutatsala tsiku limodzi, kuopa akuba.

Zithunzizo muzione mofatsa, ndipo musayang'ane katundu yekha, yang'anani nyumba. Khitchini ya firiji yobiriwira kapena yachikasu ya m'ma 1970, kapeti yaubweya wautali, makoma okutidwa ndi matabwa, mashelefu a kuchipinda chapansi odzaza mabotolo a misomali: zonsezi zikukuuzani kuti munthu anakhala m'menemo zaka zambiri osataya kanthu. Nyumba zikuluzikulu za anthu olemera zimakopa maso, koma banja lotere limakhala litaitana kale akatswiri a okushoni n'kuchotsa zabwino zonse. Kanyumba kakang'ono ka munthu amene anagwira ntchito m'fakitale moyo wake wonse kangakupatseni zambiri kuposa chinyumba cha dokotala.

Palinso misika ikuluikulu ya zakale. Wa ku Brimfield ku Massachusetts, umene unayamba mu 1959, umachitika katatu pachaka, May, July ndi September. Kumayambiriro kwa August kuli 127 Yard Sale, imene imatambalala mamailosi 690 kuchokera ku Addison ku Michigan mpaka ku Gadsden ku Alabama. Kumeneko n'kokaphunzirako mitengo ndi kukhutitsa maso. Ogulitsa ambiri ndi a ntchito yogula ndi kugulitsa zakale ndipo amadziwa zimene ali nazo.

Ndifike nthawi yanji, tsiku loyamba kapena lomaliza?

Tsiku loyamba ndi la wofuna kusankha, lomaliza ndi la wofuna zotchipa. Zili ngati belo la kaunjika: amene alipo pamene akudula zingwe ndiye amatola zabwino, koma amalipira mtengo wonse. Estate sale imatenga masiku awiri kapena atatu. Makampani ambiri tsiku loyamba sachotsera, lachiwiri amachotsako pang'ono, lomaliza amadula pakati.

Selo yotsegula 9 koloko, anthu amayamba kufika cha m'ma 7 kapena kusanache n'komwe. Pakhomo pamakhala pepala lolembapo maina, kapena wina amagawa manambala, chifukwa amalowetsa anthu pang'onopang'ono kuti nyumba isadzaze. Pamzerepo mudzawazindikira a ntchitoyi. Bambo wina wanyamula chikwama chachikulu chabuluu cha IKEA, mayi wina wakoloweka m'khosi kagalasi kokulitsira zinthu, amapatsana moni koma palibe amene akuuza mnzake chimene wabwerera. Chitseko chikangotseguka palibe woyang'ana uku ndi uku. Aliyense anaona zithunzi usiku ndipo akudziwa chipinda chake: uyu ku tebulo la ndolo ndi mphete pafupi ndi wolandira ndalama, uyo kutsika masitepe kukafuna zida za ukalipentala, winayo wagwada kale pa bokosi la zimbale za galamafoni.

Musapikisane nawo pa zimene zinali pazithunzi, akuposani liwiro. Pitani kumene kamera sinafike: kabati ya pansi pa sinki, bokosi la zokongoletsa za Khirisimasi, dirowa ya masipuni osakanikirana, shelefu ya pamwamba m'galaja. Chinthu mukachifuna, kapena mukukayikakayika, chinyamuleni kaye, muganiza muli nacho m'manja. Chimene mwachiika pansi si chanu. Chikakhala chachikulu, itanani wogwira ntchito alembepo kuti chagulidwa.

Pa yard sale ya banja, akalemba kuti "no early birds" akutanthauza kuti musagogode nthawi isanakwane. Ena amawakwezera mtengo dala anthu olawirira choncho.

Nditenge chiyani popita?

Ndalama zapamanja, makamaka za $1 ndi $5, chifukwa mabanja ambiri salandira khadi. Tochi yaing'ono, chifukwa kuchipinda chapansi babu limakhala limodzi. Tepi yoyezera, nyuzipepala zokutira zosweka, chikwama chanuchanu, ndi foni yodzaza moto. Tengani ndi kamaginito: siliva, golide ndi mkuwa sizigwira maginito, choncho chimene chamamatira mwachidziwiratu kuti mkati ndi chitsulo. Kusamamatira kokha si umboni woti ndi siliva.

Ndingadziwe bwanji kuti chinthu ndi chakaledi?

Chitembenuzeni. Chizolowezi chimenechi chokha chimasiyanitsa wodziwa ndi wongoyenda. Mbale, chidole, nyale, mpando, chilichonse, nkhani yake yalembedwa kunsi kapena kumbuyo.

Lamulo la msonkho la 1890, lotchedwa McKinley Tariff, linalamula kuti katundu wolowa mu United States azilembedwa dziko lochokera. Kuchokera pamenepo zolembedwazo zimathandiza kuwerenga zaka. Mbale yolembedwa "Nippon" inapangidwa ku Japan pakati pa 1891 ndi 1921, ngakhale kuti zabodza za chidindo chimenechi zilipo zambiri. "Made in Occupied Japan" ndi ya zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri mpaka 1952. "West Germany" ndi ya pakati pa 1949 ndi 1990. Bokosi likakhala ndi adiresi ya kampani yokhala ndi ZIP code ya manambala asanu, silingakhale la chaka cha 1963 chisanafike, chifukwa ndi pamene manambalawo anayamba. Likakhala ndi timizere ta barcode, ndi la 1974 kapena kutsogolo kwake. Mbale yolembedwa kuti ingalowe mu microwave si ya nthawi ya agogo a agogo, ngakhale maluwa ake aoneke achikale chotani.

Pa mipando ndi makabati, tulutsani dirowa muone polumikizira matabwa. Mano odulidwa pamanja sakhala ofanana ndendende, ena aakulu ena aang'ono. Odulidwa ndi makina amafanana onse. Yang'ananinso kumene kwatha. Mpando wakale umatha pamene manja ndi mapazi amakhudza. Ukakhala wokalikakalika paliponse mofanana, wina anachita kuukalambitsa ndi sandipepa.

Pa msika umenewu, chinthu amachitcha antique chikakwana zaka 100. Vintage ndi chocheperapo. Etsy, msika wa pa intaneti, mwachitsanzo imalola dzinali pa chinthu cha zaka 20 kapena kuposerapo. Koma ukale pawokha sugulitsa chinthu. Baibulo la banja la m'ma 1880 lingakhale lotchipa kuposa T-shirt ya gulu loimba ya mu 1991, chifukwa mtengo umatsatira anthu ofuna, osati zaka.

Ndi zinthu ziti zimene anthu akuzifunadi?

Langizo langa n'lakuti musankhe mtundu umodzi kapena iwiri, muidziwe mpaka m'mafupa, zina zonse muzizidutsa. Wodziwa pang'ono za chilichonse amadzaza galaja; wodziwa bwino chinthu chimodzi ndi amene amachiona pamene ena onse achiphonya.

Ziwaya zachitsulo chakuda ndi poyambira pabwino, chifukwa ngakhale mutalephera kugulitsa muphikira. Zofunidwa kwambiri ndi za Griswold, zopangidwa ku Erie ku Pennsylvania mpaka 1957, ndi za Wagner za ku Sidney ku Ohio. Mukachipeza m'galaja chili psuu ndi dzimbiri, kunsi kutakutidwa ndi mafuta ouma a zaka zambiri, kandani pang'ono ndi chala pakati pake. Mukaona mtanda uli m'kati mwa bwalo, dzina la GRISWOLD lili pakati, mtima ukhale pansi. Chinyamuleni: chakale chimapepuka kuposa cha masiku ano, ndipo mkati mwake ndi mosalala. Chiikeni pamalo athyathyathya, mukanikize m'mphepete. Chikamagwedera kapena kuzungulira ndiye kuti chinapindika ndi moto ndipo mtengo wake wagwa. Chigwireni pa chogwirira n'kuchigogoda ndi kiyi. Chabwino chimalira ngati belu, chong'aluka chimangoti phu. Dzimbiri limachoka, mng'alu suchoka.

Mbale za Pyrex nazo zili ndi anthu ake. Kampani ya Corning inayamba kuzipanga mu 1915, koma zimene anthu amalimbirana ndi za mitundumitundu zimene zinayamba mu 1945, makamaka za maluwa ndi zithunzi za m'ma 1950 monga Butterprint ndi Gooseberry. Mbaleyo ilozeni ku kuwala. Imene inkachapidwa m'makina otsukira mbale mtundu wake umafwifwa, kunyezimira kumatha, ndipo sikubwereranso. Yokhala ndi chivundikiro chake imaposa yopanda.

Pa siliva, funani mawu akuti STERLING kapena nambala 925. Za ku Britain zimakhala ndi kachidindo ka mkango woyenda, pambali pake nangula ngati ndi ya ku Birmingham kapena mutu wa kambuku ngati ndi ya ku London. Zolembedwa EPNS ndi zongokutidwa siliva pamwamba. Chenjerani ndi masipuni olembedwa "1847 Rogers Bros": ndi ongokutidwa, ndipo 1847 ndi mbali ya dzina la malonda, si chaka chimene sipuniyo inapangidwa. Anthu ambiri atayapo ndalama pamenepa. Ndalama zachitsulo za ku America za dime, quarter ndi half dollar za 1964 kubwerera m'mbuyo zili ndi siliva 90 peresenti. Muziona m'mphepete mwake, zilibe kamzere kofiira ka mkuwa. Ndalama yakale musaipukute ndi mankhwala kuti iwale, osonkhanitsa safuna yotsukidwa.

Pa zovala, jinzi ya Levi's imene kansalu kofiira ka pathumba kalembedwa ndi E wamkulu ingakhale ya 1971 isanafike, ngakhale kuti zina zatsopano nazo zimalembedwa choncho. Pa makina osokera, ofunidwa ndi Singer 221, otchedwa Featherweight, aang'ono akuda olemera pafupifupi makilogalamu 5, amene anayamba kupangidwa mu 1933. Osoka zofunda zazigamba amawakonda mpaka lero.

Nanga zimene zimaoneka zodula koma zilibe msika?

Ndi zambiri, ndipo ndi zimene zimadzaza matebulo Lamulungu masana. Tiziboliboli tadothi ta Hummel, mbale zopachika pakhoma zimene ankazigulitsa ndi satifiketi, zidole za Beanie Babies zimene anthu anapenga nazo kumapeto kwa ma 1990, mabuku a encyclopedia, milu ya magazini a National Geographic, mbale za alendo zokwana anthu 12. Chilichonse chimene chinapangidwa n'cholinga choti anthu asunge, anthu anasungadi, ndiye chilipo chambirimbiri. Makabati akuluakulu a matabwa akuda, ngakhale opangidwa bwino, achinyamata alibe powaika. Piyano ena amachita kupempha kuti muitenge ulere, bola mulipire onyamula.

Ngati mukufuna zogwiritsa ntchito panyumba, uwu ndi mwayi wanu: tebulo la thabwa lenileni pamtengo wozizira kuposa la utuchi la m'sitolo. Ngati mukufuna zoti mukagulitse, zisiyeni.

Kodi kunenerera n'kololedwa?

Pa yard sale inde, ndipo amayembekezera. Pa estate sale tsiku loyamba m'mawa musavutike, akuuzani kuti mubwere mawa. Makampani ena amalola kusiya kapepala ka mtengo wanu pa chinthu chachikulu. Chikapanda kugulidwa amakuimbirani.

Manenereredwe a kwathu, oyamba ndi kunyoza katundu n'kudula mtengo pakati, kuno amakwiyitsa. Chimene chimagwira ntchito ndi kusonkhanitsa zinthu zingapo n'kufunsa mtengo wa zonse pamodzi, ndalama zili m'manja zikuoneka. Pakakhala chilema, chisonyezeni mwaulemu. Ndipo ngati agogo akugulitsa chinthu $2, lipirani $2.

Ndamva za anthu amene analemera ndi mbale ya madola atatu. N'zoona?

N'zoona. Mu 2007 banja lina ku New York linagula kambale koyera pa tag sale ndi $3, n'kukasunga pabalaza zaka zingapo. Kanapezeka kuti ndi ka ku China ka zaka pafupifupi 1,000, ka nthawi ya ufumu wa Song, ndipo mu 2013 kanagulitsidwa ku Sotheby's, kampani ya okushoni, pamtengo woposa $2.2 miliyoni. Mu 2020 wina anagula kambale ka maluwa abuluu ndi $35 pa yard sale ya kufupi ndi New Haven ku Connecticut. Kanali ka m'zaka za m'ma 1400, nthawi ya ufumu wa Ming, ndipo mu March 2021 kanapita pa $721,800. Mu 1989 munthu wina anagula chithunzi chong'ambika ndi $4 pa msika wa ku Adamstown ku Pennsylvania chifukwa chofuna felemu yake, kumbuyo kwake n'kupezako limodzi mwa makope oyambirira a chikalata cha ufulu wa America cha 1776, limene linagulitsidwa $2.42 miliyoni mu 1991. Ku London, mphete yogulidwa £10 pa car boot sale m'ma 1980 inapezeka kuti ndi dayamondi weniweni wa makarati 26, ndipo mu 2017 inagulitsidwa £656,750.

Nkhanizi zimabwerezedwa chaka ndi chaka chifukwa ndi zochepa. Masiku ano wogulitsa aliyense ali ndi foni yojambula chinthu n'kumuuza chimene chili, ndipo makampani amafufuza asanamate mtengo. Phindu lenileni la ntchitoyi ndi la chiwaya cha $8 chogulitsidwa $60, mobwerezabwereza, mutachotsa mafuta a galimoto ndi Loweruka lanu.

Pali zoopsa kapena zoletsedwa zimene ndiyenera kupewa?

Choyamba ndi nsikidzi. Matiresi musagule. Sofa ndi mipando yansalu muunike ndi tochi m'misoko. Timadontho takuda ndi chizindikiro. Zovala zilowe m'makina oumitsira pa moto waukulu zisanalowe kuchipinda. Mabuku ndi nsalu zonunkha chinyontho cha kuchipinda chapansi, fungolo silitha.

Penti wa mtovu analetsedwa m'nyumba za ku America mu 1978, choncho mipando ndi zidole zopentedwa zakale zisafike pakamwa pa mwana, ndipo musazipale ndi sandipepa m'nyumba. Mbale zofiirira ngati lalanje za Fiesta zoyambirira, za kuyambira 1936, utoto wake unali ndi uranium, imene imatulutsa cheza choopsa. Magalasi ena obiriwira nawonso ali nayo, ndipo amawala ukawaunika ndi tochi ya UV. Osonkhanitsa amawafuna, koma ndi oika m'kabati, osati omwera tsiku ndi tsiku. Mawotchi akale owala usiku ena anapakidwa radium, imene nayo imatulutsa cheza choopsa, musawatsegule. Nyale ndi mawailesi a nthambo zouma, zothetheka, apite kaye kwa wodziwa zamagetsi. Mabedi a makanda a mbali yotsika analetsedwa kugulitsa mu 2011, ndipo mpando wa mwana wa m'galimoto wogwiritsidwapo kale ntchito simudziwa ngozi zimene unaona.

Minyanga ya njovu musaikhudze, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi ya agogo ake. United States inakhwimitsa malamulo ake mu 2016, Britain inaletsa malondawa kuyambira June 2022 kupatula zochepa zokhala ndi chilolezo, ndipo ku Malawi kupezeka nayo ndi mlandu wa ndende zaka zambiri. Nthenga za chiwombankhanga ndi mbalame zambiri zakutchire zoumikidwa nazonso ndi zoletsedwa kugulitsa ku America. Mfuti zakale zili ndi malamulo ake m'chigawo chilichonse cha America, ndipo kwa munthu amene si nzika nkhaniyo ingafike mpaka pa mapepala ake okhalira m'dziko.

Kodi zinthu za kwathu zimapezeka pa maselo amenewa?

Mwa apo ndi apo, ndipo zimasangalatsa. Achinyamata a Peace Corps anayamba kubwera ku Malawi mu 1963, amishoni anabwera kale kuposa apo, ndipo m'badwo umenewo ndi umene nyumba zake zikugulitsidwa tsopano. Mungapeze mpando wa mfumu wosemedwa, bawo, madengu, zitenje, makapu a Dedza Pottery. Zambiri ndi zimene ankagulitsa kwa alendo, ndipo wogulitsa amangolemba kuti "African". Mtengo wake pamsika ndi wochepa, choncho gulani chifukwa chozikonda.

Ku Britain, makamaka ku Scotland kumene kunachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, mwayi ndi wokulirapo. M'mabokosi a ndalama zosakanikirana mumatuluka mapeni obooka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, komanso masheleni ndi mafuloleni oyamba a Malawi a 1964, a nthawi imene kwacha isanabwere mu 1971. M'maalubamu a masitampa funani olembedwa British Central Africa, dzina la dzikoli lisanakhale Nyasaland mu 1907. Zambiri mwa izi sizingakulemeretseni. Zimene ine ndimati musazisiye ndi zithunzi, mapositikhadi ndi makalata, makamaka zikakhala ndi dzina la malo ndi chaka kumbuyo. Chithunzi cha msika wa Zomba kapena cha sitima ya panyanja cha m'ma 1950, chimene banja la mzungu likuchiona ngati pepala wamba, a National Archives ku Zomba kapena laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre angachilandire ndi manja awiri.

Ndikufuna kugulitsa zina, zina kutumiza kumudzi. Ndiyambire pati?

Musanagule choti mukagulitse, onani pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo ya zimene zinagulidwadi, osati imene anthu akuitanira. Munthu angathe kulemba $500 pa chidole n'kukhala zaka zitatu osapeza wogula. Pamtengo weniweniwo chotsani gawo la eBay, limene pa katundu wambiri limaposa pang'ono 13 peresenti, chotsani positi, bokosi ndi zokutira. Zolemera ndi zosweka phindu lake limathera m'njira, n'chifukwa chake mipando ndi bwino kuigulitsira m'dera lanu lomwelo. Sungani kabuku ka zimene mwagula ndi kugulitsa, chifukwa phindu limeneli limakhomeredwa msonkho. Amene ali pa viza ya sukulu afunse kaye ku ofesi yoona za ophunzira akunja; kugulitsa mabuku anu akale si vuto, koma kuoda ndi kugulitsa sabata ndi sabata kungawerengedwe ngati ntchito yosaloledwa.

Potumiza kumudzi, kumbukirani magetsi. A ku America ndi a mavoti 120, a ku Malawi ndi a 230, ndiye ayironi, ketulo kapena makina osokera a mota akangolumikizidwa popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo. Zogulidwa ku Britain zilibe vuto limeneli, ndipo pulagi nayo ndi yofanana. Zochokera ku America zoyenera malo m'kontena ndi zosafuna magetsi: mapuleni ndi matchizulo a Stanley, masipanala, vayisi, ziwaya zachitsulo, chopukusira nyama chapamanja. Makina a Singer akuda opalasa ndi mapazi, amene kuno sawafuna kwenikweni chifukwa anapangidwa mamiliyoni, telala wa pakhonde angawagwiritse ntchito zaka zina zambiri. Musanawagule zunguzani gudumu lake ndi dzanja muone ngati singano ikukwera ndi kutsika, tsegulani kambale ka pansi pa singano muone ngati kachitsulo kosungira bobini kalimo, ndipo funsani wotumiza katundu mtengo wa kulemera kwake pamodzi ndi msonkho wa MRA musanapereke ndalama, chifukwa miyendo yake yachitsulo ndi imene imakweza mtengo wotumizira.